Jackie Robinson

Jack Roosevelt Robinson (31 Januwale 1919 – 24 Okutobala 1972), yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina loti Jackie Robinson, anali katswiri wa masewero a baseball wa ku United States. Pa 15 Epulo 1947 analowa m'maligi akuluakulu a dzikolo, omwe amatchedwa Major League Baseball, patadutsa zaka zoposa 60 munthu wakuda asanaloledwe kusewera m'menemo. Anasewera zaka 10 m'timu ya Brooklyn Dodgers ya mumzinda wa New York. Mu 1947 anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse, mu 1949 anakhala wosewera wofunika kwambiri mu National League, ndipo anathandiza timu yake kufika maulendo 6 mu World Series, womwe ndi mpikisano wotsekera chaka, n'kutenga chikho mu 1955.

Robinson amakumbukiridwa chifukwa cha luso lake pabwalo komanso chifukwa cha pangano lomwe anachita ndi bwana wa timu yake, loti m'zaka zoyambirira sadzabwezera aliyense womutukwana kapena kumuvulaza. Panganoli linali lolemera kwa iye chifukwa kuyambira ubwana wake sankalola kuponderezedwa. Atasiya masewero anathera zaka zake zotsala akumenyera ufulu wa anthu akuda.

Masewero a baseball ndi tsankho

Baseball imaseweredwa ndi matimu awiri, iliyonse ya anthu 9, ndipo imafananako ndi kiriketi. Pabwalo pamakhala malo anayi otchedwa mabesi, otalikirana mamita pafupifupi 27. Woponya amaima pakati n'kuponya kampira kolimba kwa womenya, yemwe amakhala ndi chibonga chamtengo pa besi yoyambira yotchedwa home. Akamenya mpira amathamangira ku besi yoyamba, ndipo timu imapeza pointi wosewera akazungulira mabesi onse n'kubwerera pa home asanatulutsidwe. Mpira ukamenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, womenyayo amazungulira mabesi onse popanda womuletsa, ndipo zimenezi zimatchedwa home run. Wosewera amene ali kale pa besi atha kuthamangira ku besi yotsatira woponya akuponya, osadikira kuti mnzake amenye. Akafika asanagwidwe amati waba besi. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo matimu akafanana mphamvu amawonjezera zigawo zina. Luso la womenya limayezedwa ndi avareji: avareji ya .300 imatanthauza kuti pa maulendo 10 alionse amamenya bwino katatu, ndipo wofika pamenepo amawerengedwa kuti ndi katswiri.

M'maligi akuluakulu awiri, National League ndi American League, munalibe lamulo lolembedwa loletsa anthu akuda. Moses Fleetwood Walker, yemwe anali wakuda, anasewera m'ligi ina yaikulu ya nthawiyo m'timu ya mumzinda wa Toledo mu 1884. Koma zaka za m'ma 1880 zisanathe, eni matimu anamvana pakamwa kuti asamalembenso osewera akuda, ndipo mgwirizanowo unakhalapo kwa mibadwo iwiri. Osewera akuda anakhazikitsa maligi awo. Mu 1920 Rube Foster anayambitsa Negro National League, ndipo m'maligi oterewa munatuluka akatswiri monga woponya Satchel Paige ndi womenya Josh Gibson. Mkulu woyang'anira maligi akuluakulu, Kenesaw Mountain Landis, anakhala pampando kuyambira mu 1920 mpaka imfa yake mu Novembala 1944, ndipo nthawi yonseyo palibe timu imene inaphwanya mgwirizanowo.

Ubwana ndi maphunziro

Robinson anabadwira pafupi ndi tauni ya Cairo m'chigawo cha Georgia, kummwera kwa United States. Makolo ake, Jerry ndi Mallie Robinson, ankalima pamunda wa mzungu n'kumagawana naye zokolola, moyo wofananako ndi wa matenanti a m'maesiteti a fodya ku Malawi. Iye anali mzime m'banja la ana asanu. Achimwene ake anali Edgar, Frank ndi Mack, ndipo mlongo wake anali Willa Mae. Dzina lapakati la Roosevelt anamupatsa pokumbukira pulezidenti wakale Theodore Roosevelt, yemwe anamwalira kutatsala masiku 25 kuti mwanayo abadwe. Bambo ake atathawa banja, mayi ake anasamuka ndi ana onse mu 1920 kupita ku Pasadena m'chigawo cha California, komwe ankagwira ntchito za m'nyumba za anthu ena. Banjali linakhazikika mumsewu wa Pepper Street pakati pa azungu, ndipo ena mwa oyandikana nawo anayesetsa kuti awachotsepo.

Ali mnyamata analowa m'kagulu ka achinyamata osokoneza a m'deralo, koma anatulukamo atalangizidwa ndi akuluakulu, makamaka mbusa wachinyamata wa mpingo wa Methodist, Karl Downs. Mchimwene wake Mack anatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wothamanga mamita 200 pa masewero a Olympics a ku Berlin mu 1936, pambuyo pa Jesse Owens. Atabwerera kwawo, ntchito imene anaipeza inali yosesa m'misewu ya Pasadena.

Jackie anaphunzira pa John Muir High School, kenako pa Pasadena Junior College. Mu Januwale 1938 anamangidwa atatsutsana ndi apolisi omwe anagwira mnzake wakuda, ndipo khoti linamupatsa chilango cha zaka ziwiri chosakalowa m'ndende. Mu 1939 analowa yunivesite ya University of California, Los Angeles, komwe anakhala wophunzira woyamba kuimira sukuluyo m'masewero anayi: baseball, basketball, American football ndi masewero othamanga ndi kudumpha. Mu 1940 anapambana mpikisano wa mayunivesite onse a dzikolo pa kudumpha mtunda wautali. Pa masewero anayiwo, baseball ndi yomwe sankachitamo bwino pa nthawiyo. Kumeneko anakumananso ndi Rachel Isum, yemwe ankaphunzira unamwino. Anasiya sukulu mu 1941 asanamalize digiri, n'kupita kukasewera American football ku Honolulu, ndipo anachokako kutatsala masiku ochepa kuti dziko la Japan liphulitse doko la Pearl Harbor.

Usilikali ndi mlandu wa m'basi

Mu 1942 anaitanidwa ku usilikali ndipo anatumizidwa ku Fort Riley m'chigawo cha Kansas. Pa nthawiyo asilikali akuda ndi azungu ankakhala m'magulu osiyana. Makalata a Robinson ndi anzake opempha maphunziro a uofesala anachedwetsedwa kwa miyezi ingapo, mpaka katswiri wankhonya Joe Louis, yemwe analinso pakampupo, atalowererapo. Mu Januwale 1943 anapatsidwa udindo wa lefutenanti, ndipo pambuyo pake anasamutsidwira ku Camp Hood m'chigawo cha Texas, m'gulu la asilikali akuda oyendetsa akasinja lotchedwa 761st Tank Battalion.

Pa 6 Julayi 1944 anakwera basi ya pakampu, ndipo dalaivala anamulamula kuti akakhale kumbuyo. Robinson anakana. Apolisi a asilikali anamutenga, ndipo mkangano umene unabuka pomufunsa mafunso unachititsa kuti azengedwe mlandu wosamvera akuluakulu. Mkulu wa gulu lake, Paul Bates, anakana kusaina chikalata cha mlanduwo, choncho anamusamutsira ku gulu lina komwe mkulu wake anasaina. Mu Ogasiti 1944 khoti la asilikali linamupeza wosalakwa. Chifukwa cha mlanduwu sanapite kunkhondo ku Ulaya pamodzi ndi gulu lake, ndipo anatuluka usilikali mwaulemu mu Novembala 1944. Izi zinachitika zaka 11 Rosa Parks asanakane kupereka mpando wake m'basi ku Montgomery.

Kansas City Monarchs ndi Branch Rickey

Atatuluka usilikali anaphunzitsako basketball pa Samuel Huston College ku Austin, komwe mbusa Karl Downs anali mtsogoleri wa sukulu. Mu 1945 analowa timu ya anthu akuda ya Kansas City Monarchs, yomwe inkamulipira madola 400 pamwezi. Moyo wa m'ligi imeneyi sunamukomere chifukwa cha maulendo ataliatali a pabasi komanso mahotela ndi malo odyera omwe ankakana kulandira osewera akuda. Mu Epulo chaka chomwecho timu ya Boston Red Sox inamuitana pamodzi ndi anzake awiri kuti ikawayese pabwalo la Fenway Park, koma inangochita izi pofuna kutseka pakamwa andale a mumzindawo, ndipo palibe amene inamulemba. Timuyi inadzakhala yomaliza kulemba wosewera wakuda, mu 1959.

Nthawi yomweyo Branch Rickey, pulezidenti wa Brooklyn Dodgers, ankafufuza mwachinsinsi osewera akuda. Poyera ankanena kuti akufuna kuyambitsa timu yatsopano ya anthu akuda. Zifukwa zake zinali za chikhulupiriro komanso za bizinesi: ankadana ndi tsankho monga Mkhristu wa mpingo wa Methodist, ndipo ankadziwanso kuti osewera akuda adzalimbitsa timu yake ndi kubweretsa oonera ambiri. Mtolankhani wakuda Wendell Smith wa nyuzipepala ya Pittsburgh Courier anali mmodzi mwa amene anamuuza za Robinson.

Pa 28 Ogasiti 1945 awiriwa anakumana mu ofesi ya Rickey ku Brooklyn kwa maola pafupifupi atatu. Rickey anayerekezera kukhala wosewera wotukwana, wogwira ntchito pahotela wokana mlendo ndi woimbira masewero wokondera, pofuna kuona mmene Robinson angayankhire. Iye ankaopa kuti ndewu imodzi yokha ingapereke chifukwa kwa eni matimu ena choti atsekenso khomo kwa zaka zambiri. Choncho ankafuna munthu wolimba mtima koma wotha kuugwira mtimawo. Robinson anavomera. Anagwirizana malipiro a madola 600 pamwezi, ndipo pa 23 Okutobala 1945 zinalengezedwa kuti wasaina ndi Montreal Royals ya ku Canada, timu yokulitsira osewera a Dodgers. Rickey sanapereke ndalama iliyonse kwa eni ake a Monarchs.

Chaka cha ku Montreal

Robinson anakwatira Rachel Isum pa 10 Febuluwale 1946 ku Los Angeles, ndipo patangotha masabata ochepa ananyamuka naye kupita ku Florida kumene matimu ankakonzekera sizoni. Kumeneko sankaloledwa kugona m'hotela imodzi ndi anzake, ndipo ankakhala m'nyumba za mabanja akuda. Ku Sanford anakakamizidwa kuchoka, ku Jacksonville timu inapeza bwalo litakhomedwa, koma ku Daytona Beach analoledwa kusewera pa 17 Malichi 1946.

Masewero ake oyamba a ligi anachitika pa 18 Epulo 1946 ku Jersey City. Pa maulendo asanu anamenya bwino kanayi, kuphatikizapo home run, anaba mabesi awiri, ndipo Montreal inapambana 14–1. Pomaliza chaka anatsogola mu International League ndi avareji ya .349. Montreal inatenganso chikho cha Junior World Series itagonjetsa Louisville Colonels. Pa tsiku lomalizalo chikhamu cha ochemerera, ambiri a iwo azungu, chinamunyamula pamapewa n'kumuthamangira mumsewu chifukwa cha chisangalalo.

Sizoni ya 1947

Sizoni isanayambe, osewera ena a Dodgers, makamaka ochokera kummwera monga Dixie Walker, anayamba kusonkhanitsa mayina okana kusewera naye. Mphunzitsi wamkulu Leo Durocher anawadzudzula mwamphamvu, ndipo Rickey anauza osafunawo kuti awagulitsa ku matimu ena. Mkulu watsopano wa maligi, Happy Chandler, sanaletse kusainako.

Pa 15 Epulo 1947, ali ndi zaka 28, Robinson anatuluka pabwalo la Ebbets Field atavala nambala 42 n'kuima pa besi yoyamba, malo omwe anali asanazolowere. Oonera anali 26,623, ndipo oposa theka anali akuda. Tsikulo sanamenye mpira wowerengedwa, koma anafika pa besi wosewera wa Boston Braves ataponya molakwika, ndipo ndi iye anabweretsa pointi yomwe inaika Dodgers patsogolo. Timu yake inapambana 5–3.

Patatha sabata imodzi kunabwera Philadelphia Phillies. Mphunzitsi wawo Ben Chapman ndi osewera ake anamutukwana masewero onse ndi mawu onyoza khungu lake. M'buku lake la mbiri, Robinson anadzafotokoza kuti tsiku limenelo anatsala pang'ono kuphwanya pangano lake. Chipongwecho chinagwirizanitsa timu ya Dodgers, moti osewera monga Eddie Stanky anayamba kumuikira kumbuyo poyera. Mu Meyi nyuzipepala zinalemba kuti osewera ena a St. Louis Cardinals akufuna kunyanyala, ndipo pulezidenti wa National League, Ford Frick, anachenjeza kuti wonyanyala aliyense aimitsidwa. Mu Ogasiti Enos Slaughter wa timu yomweyo anamuponda mwendo ndi nsapato zaminga n'kumucheka. Oponya ena ankalunjika mpira kumutu kwake, kunyumba kunkafika makalata omuopseza kuti aphedwa, ndipo m'mizinda monga Philadelphia ndi St. Louis mahotela a timu ankamukana. Panalinso omulimbikitsa. Hank Greenberg wa Pittsburgh Pirates, Myuda yemwe anatukwanidwapo zaka zambiri chifukwa cha mtundu wake, anamulankhula mawu achilimbikitso ali pabwalo, ndipo mnzake wa m'timu Pee Wee Reese, wochokera ku Kentucky, anakhala bwenzi lake lenileni.

Robinson anayankha ndi kasewero kake. Anabweretsa m'maligi akuluakulu kathamangidwe ka m'maligi a anthu akuda, kovinavina pa besi mpaka woponya asokonezeke. Anamaliza sizoni ndi avareji ya .297, ma home run 12 ndi mapointi 125, ndipo anatsogola mu National League poba mabesi 29. Analandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana, yomwe inayamba kuperekedwa m'maligi onse chaka chomwecho. Dodgers inatenga ligi, koma inagonja kwa New York Yankees mu World Series pa masewero 7. Pa 5 Julayi 1947 Larry Doby analowa timu ya Cleveland Indians n'kukhala wakuda woyamba mu American League.

Zaka za pachimake

Mu 1948 anasamukira pa besi yachiwiri. Kuyambira mu 1949 Rickey anamumasula ku pangano lija, ndipo Robinson anayamba kutsutsana ndi oimbira masewero, kubweza mawu kwa omunyoza ndi kulankhula poyera za tsankho. Atolankhani ena omwe ankamuyamikira ali chete anayamba kumunena kuti ndi wovuta. Chaka chimenecho ndi chomwe anasewera bwino koposa: anatsogola ligi ndi avareji ya .342 komanso poba mabesi 37, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri. Mu Julayi, iye, Roy Campanella, Don Newcombe ndi Larry Doby anakhala akuda oyamba kusewera mu All-Star Game, masewero a pachaka a akatswiri osankhidwa m'maligi awiriwo.

Mwezi womwewo anaitanidwa ku komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza anthu oganiziridwa kuti amatsatira chikomyunizimu, kuti akayankhepo pa zomwe woimba wakuda Paul Robeson akuti ananena zoti anthu akuda sangamenye nkhondo ndi Soviet Union. Robinson anatsutsa maganizowo, koma anadzudzulanso tsankho la m'dziko lake. Chakumapeto kwa moyo wake anasonyeza kuti ankanong'oneza bondo chifukwa chovomera kuitanako. Mu 1950 anasewera monga iye mwini m'filimu ya The Jackie Robinson Story, ndipo malipiro ake anafika madola 35,000 pachaka. Kumapeto kwa chaka chimenecho Rickey anachoka ku Dodgers, ndipo Robinson sankamvana kwenikweni ndi mwini watsopano, Walter O'Malley.

Pa 30 Seputembala 1951, tsiku lomaliza la sizoni, Dodgers inkafunika kugonjetsa Phillies kuti ifanane ndi New York Giants pamwamba pa ligi. M'chigawo cha 12 Robinson anadzigwetsa n'kuwakha mpira womwe ukanathetsa masewero, ndipo m'chigawo cha 14 anamenya home run yopambanitsa timu yake 9–8. Matimu awiriwo anakumana katatu kuti apeze mwini ligi. Pa 3 Okutobala, pabwalo la Polo Grounds, Bobby Thomson wa Giants anamenya home run m'chigawo chomaliza pa mpira woponyedwa ndi Ralph Branca, ndipo Dodgers inagonja. Anzake akutuluka m'bwalo, Robinson anaimabe kuonetsetsa kuti Thomson waponda besi iliyonse.

Dodgers inakumananso ndi Yankees mu World Series mu 1949, 1952 ndi 1953, ndipo inagonja maulendo onse. Pa 28 Seputembala 1955, m'masewero oyamba a World Series, Robinson, ali ndi zaka 36, anathamanga kuchoka pa besi yachitatu n'kuba home pamene Whitey Ford ankaponya. Wowakha wa Yankees, Yogi Berra, anakangana ndi woimbira masewero, ndipo moyo wake wonse ankaumirira kuti anamugwira. Dodgers inagonja tsikulo 6–5, koma pa 4 Okutobala inapambana masewero a nambala 7 ndi mapointi 2–0, Johnny Podres akuponya. Chimenechi ndi chikho chokhacho cha World Series chomwe timuyi inatenga ili ku Brooklyn. Robinson sanasewere nawo masewero omalizawo.

Mu World Series ya 1956 anali m'gulu la omenya omwe Don Larsen wa Yankees anawatulutsa onse 27 motsatizana pa 8 Okutobala, popanda ndi mmodzi yemwe wofika pa besi. Tsiku lotsatira Robinson anamenya mpira wopambanitsa Dodgers 1–0 m'chigawo cha 10, koma chikho chinapita kwa Yankees. Mu Disembala 1956 Dodgers inamugulitsa ku New York Giants, koma iye anali atasankha kale kupuma, ndipo analengeza zimenezi m'magazini ya Look mu Januwale 1957. Pa zaka 10 ndi Dodgers avareji yake inali .311, anamenya ma home run 137, anaba mabesi 197, ndipo maulendo 19 anaba home m'masewero a ligi.

Atasiya masewero

Kuyambira mu 1957 mpaka 1964 anali wachiwiri kwa pulezidenti woona za ogwira ntchito pakampani ya khofi ya Chock full o'Nuts. Anayendayenda m'dziko lonse kusonkhetsa ndalama za bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, lomwe linali litamupatsa mendulo ya Spingarn mu 1956. Ankagwirizana ndi Martin Luther King Jr. Mu 1963 anapita ku Birmingham m'chigawo cha Alabama pa nthawi ya zionetsero, anakonza zoimbaimba za jazz pakhomo pake ku Stamford m'chigawo cha Connecticut kuti apeze ndalama za belo ya omangidwa, ndipo pa 28 Ogasiti anayenda nawo pamodzi ndi banja lake pa ulendo waukulu wa ku Washington. Mu 1964 anathandiza kukhazikitsa Freedom National Bank ku Harlem, banki ya anthu akuda, ndipo mu 1970 anayambitsa kampani yomanga nyumba za mabanja opeza zochepa.

Pa ndale sankakhala mbali imodzi. Mu 1960 anachemerera Richard Nixon, zomwe anadzadandaula nazo pambuyo pake. Mu 1964 anatsutsa Barry Goldwater, yemwe ankaimira chipani cha Republican, ndipo anagwira ntchito ndi bwanamkubwa wa New York, Nelson Rockefeller. Anatsutsananso poyera ndi Malcolm X pa njira yoyenera yomenyera ufulu. Pa 23 Julayi 1962 analowetsedwa mu Baseball Hall of Fame ku Cooperstown, nyumba yosungiramo mbiri ya akatswiri, ndipo anali wakuda woyamba kulandira ulemuwo.

Banja, matenda ndi imfa

Robinson ndi Rachel anabereka ana atatu: Jackie Jr. mu 1946, Sharon mu 1950 ndi David mu 1952. Mwana woyambayo anavulala pankhondo ya ku Vietnam ndipo anabwerera atalowerera m'mankhwala osokoneza bongo. Atachira n'kuyamba kulangiza anzake, anamwalira pangozi ya galimoto pa 17 Juni 1971 ali ndi zaka 24.

Atangopuma pa masewero, Robinson anapezeka ndi matenda a shuga. Mu 1968 anadwala mtima, ndipo pofika zaka 50 tsitsi lake linali litayera ndipo maso anali akuchita khungu. Pa 4 Juni 1972 Dodgers inapumitsa nambala yake 42. Pa 15 Okutobala chaka chomwecho analemekezedwa pa World Series ku Cincinnati, ndipo pothokoza anakumbutsa akuluakulu a masewerowa kuti panalibe timu ndi imodzi yomwe yokhala ndi mphunzitsi wamkulu wakuda. Patatha masiku 9, pa 24 Okutobala 1972, anamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwake ku Stamford ali ndi zaka 53. Mwambo wa maliro unachitikira ku Riverside Church ku New York, komwe mbusa Jesse Jackson analalikira, ndipo anaikidwa m'manda a Cypress Hills ku Brooklyn. Buku la mbiri yake, I Never Had It Made, linatuluka chaka chomwecho.

Zimene anasiya

Robinson analowa m'timu ya Dodgers kutatsala chaka kuti Pulezidenti Harry Truman alamule kuthetsa tsankho m'gulu la asilikali mu 1948, komanso kutatsala zaka 7 kuti khoti lalikulu la dzikolo ligamule mu 1954 kuti kupatula ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo. M'zaka zomwezo kummwera kwa Africa zinthu zinkalowera kwina, pakuti chipani cha National Party chinapambana chisankho cha ku South Africa mu 1948 n'kukhazikitsa ulamuliro wa apartheid.

Kutseguka kwa khomoli kunali ndi mtengo wake. Oonera akuda anayamba kutsatira Dodgers ndi matimu ena, akatswiri achinyamata anasamuka, ndipo Negro National League inatha sizoni ya 1948 itatha. Eni matimu, aphunzitsi ndi ogwira ntchito akuda ambiri anataya bizinesi ndi ntchito, ndipo maligi akuluakulu sanawatenge. Mphunzitsi wamkulu wakuda woyamba, Frank Robinson, yemwe sanali m'bale wake, anayamba ntchito ku Cleveland mu 1975. Mu Disembala 2020 Major League Baseball inavomereza kuti maligi a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali maligi akuluakulu.

Mu 1973 Rachel Robinson anakhazikitsa Jackie Robinson Foundation, bungwe lolipirira ophunzira maphunziro a kuyunivesite. Boma linamupatsa Robinson mendulo ya Presidential Medal of Freedom mu 1984, ndipo mu 1987 mphoto ya wosewera watsopano wopambana inatchulidwa dzina lake. Pa 15 Epulo 1997 nambala 42 inapumitsidwa m'matimu onse, kupatula kwa osewera omwe ankaivala kale. Womaliza mwa iwo, Mariano Rivera wa Yankees, anapuma mu 2013. Chaka chomwecho kunatuluka filimu ya 42, momwe Chadwick Boseman anasewera monga Robinson. Kuyambira mu 2004 tsiku la 15 Epulo limakumbukiridwa monga Jackie Robinson Day, ndipo kuyambira mu 2009 osewera onse amavala nambala 42 pa tsikulo.

Mwana wake wotsiriza, David Robinson, anasamukira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndipo anatsegula munda wa khofi wa Sweet Unity Farms m'boma la Mbozi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Zambia, komwe amagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono. Pa 26 Epulo 2017, patatha zaka 70 kuchokera pa tsiku loyamba la Robinson pa Ebbets Field, Gift Ngoepe wa ku South Africa anasewera m'timu ya Pittsburgh Pirates n'kukhala wosewera wakuda woyamba wobadwira mu Africa kulowa m'maligi akuluakulu.